Meseji yafika, ndalama sizinafike: nkhani ya banki ndi anthu a kumudzi

Mwezi ukamatha, timabuthi tofiira, tachikasu ndi tobiriwira ta m'mbali mwa misewu ya Lusaka timadzaza. Ku Chawama, ku Mtendere, ku Matero, pakhomo pa msika wa Soweto, anthu amaima pamzere foni ili m'manja. Ambiri mwa ife amene makolo athu ali Kum'mawa timakhala tikutumiza kumudzi. Umapereka ndalama kwa mtsikana wa m'buthi, iye amadinadina, foni yako imalira, mtima n'kukhala m'malo kuti amayi alandira.

Mwezi wina chaka chatha ndinatumiza K600 kwa amayi anga, amene amakhala kumudzi kuseri kwa Katete, chakumalire ndi Mozambique. Meseji inawafika nthawi yomweyo. Patapita masiku anayi mdzukulu wawo anandiimbira kuti agogo sanagulebe mankhwala. Mnyamatayo anali atapalasa njinga kawiri kupita pamene pali timagolosale ndi chigayo, ndipo maulendo onse awiri wa m'buthi anamubweza ndi mawu amodzimodzi: "Kashi yatha, mubwere Lachinayi."

Lachinayilo ndalama zinatapidwa, mankhwala anagulidwa. Koma nkhaniyi sinandichoke m'mutu, chifukwa m'mabuku a owerengera amayi anga ali m'gulu la anthu amene ntchito za ndalama zinawafika kale. Ali ndi akaunti ya pa foni, ndiye kuti awerengedwa. Ine ndikuti tisafulumire kuomba m'manja. Foni yathetsa vuto limodzi lalikulu, la kutumiza. Mavuto ena atatu, kutapa, kusunga ndi kukongola pa nthawi yoyenera, akadali pomwe anali.

Zimene manambala amanena

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi wa FinScope. Mu 2009 anapeza kuti akuluakulu 37.3 peresenti m'Zambia ndiwo ankagwiritsa ntchito njira iliyonse yosungira, kutumizira kapena kukongolera ndalama. Mu 2015 chiwerengero chinafika 59.3 peresenti, ndipo mu 2020 chinakwera kufika 69.4 peresenti. Kukwera kumeneku n'koona, ndipo kuyambira 2015 pafupifupi konse kunabwera ndi foni: ogwiritsa ntchito ndalama za pa foni anachoka pa 14 peresenti mu 2015 kufika pafupifupi 58 peresenti mu 2020. Zaka zomwezo, ogwiritsa ntchito banki yeniyeni anatsika, kuchoka pa munthu mmodzi mwa anayi kufika pa mmodzi mwa asanu.

Ndiye pali kusiyana kwa tauni ndi mudzi. M'matauni oposa 8 mwa anthu 10 anali atafikiridwa mu 2020, pamene kumudzi anali ongopitirira theka pang'ono. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 19.6 miliyoni, ndipo 6 mwa 10 alionse amakhala kumudzi. Tikamanena za amene atsalira, sitikunena za kagulu ka pambali, tikunena za kumene kuli anthu ambiri a dziko lino, kumenenso kumachokera chimanga chimene timadya mu Lusaka.

Boma linali ndi ndondomeko yake ya 2017 mpaka 2022, yofuna kuti anthu 80 peresenti afikiridwe, ndipo yachiwiri inayamba mu 2024. Cholingacho n'chabwino. Chimene chimandivuta n'chakuti muyeso wake waukulu umafunsa ngati munthu ali ndi akaunti kapena njira ina yosungira, kutumizira kapena kukongolera ndalama, koma sufunsa kuti anayenda makilomita angati, kapena anabwezedwa kangati, asanagwire ndalama yake m'manja.

Banki inayesapo kupita kumudzi

Achinyamata ena amaganiza kuti kumudzi sikunafikepo banki. Akuluakulu amakumbukira zina. Titalandira ufulu, boma linakhazikitsa Zanaco mu 1969, kenako Natsave, kuti munthu wamba akhale ndi posungira. Kunali mabuku osungira ndalama a ku positi. Kunali Namboard yogula mbewu, makopaletivu, ndi Lima Bank yokongoza alimi feteleza ndi mbewu. Ngongole zambiri sizinabwezedwe. Ena anaziona ngati mphatso ya boma, andale nawonso sankafuna kukwiyitsa ovota powakakamiza kubweza, ndipo chilala cha 1992 chinamaliza zotsala. Malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, mabungwe okongoza alimiwa anagwa limodzi ndi limodzi, ndipo Lima Bank inatsekedwa zaka za m'ma 1990 zisanathe. Mu 1995 banki ya Meridien inagwa, anthu n'kuona ndi maso awo kuti chitseko cha banki chikhoza kutsekedwa ndalama zako zili mkati.

Mabala awiri anatsala kuchokera nthawi imeneyo. Mabanki anaphunzira kuti mlimi wamng'ono sabweza. Mlimi anaphunzira kuti banki si yodalirika. Maphunziro onse awiriwa ndi oona theka chabe, koma akulamulirabe mpaka lero.

Mabanki amene anatsala anadziunjika motsatira njanji, kuyambira Livingstone kudzera mu Lusaka mpaka ku Copperbelt, ndi pa maboma akuluakulu monga Chipata ndi Petauke. Sichinali chidani, anali masamu. Nthambi ya banki imafuna nyumba yolimba, chipinda chachitsulo, alonda, magetsi osazima, galimoto yonyamula ndalama yoperekezedwa ndi apolisi, ndi antchito olandira malipiro mwezi uliwonse. Dziko lathu ndi lalikulu masikweya kilomita oposa 750,000, ndipo midzi ndi yotalikirana. Nthambi yotereyi ukaiika pakati pa alimi amene amagwira ndalama yochuluka kamodzi pa chaka, siibweza zimene yawononga.

Kumbali ya mlimi masamu akenso anali okana. Kuti atsegule akaunti ankafunika reji, zithunzi, umboni wa kumene amakhala, ndipo masiku ano ngakhale nambala ya msonkho ya TPIN. Achoke mamawa, alipire njinga yamoto kapena kagalimoto, aime pamzere tsiku lonse, alembe fomu ya Chingelezi. Akaika ndalama mu Julayi n'kubwerera mu Novembala, ankapeza zachepa chifukwa cha malipiro a mwezi ndi mwezi. Kwa munthu wa malipiro a pa ntchito zimenezi n'zazing'ono. Kwa mlimi ndi umboni wakuti banki imadya ndalama za wosauka. Mu 2018 Bank of Zambia inaletsa malipiro angapo amene inawaona kuti ndi osayenera, ndipo chinali chinthu chabwino, koma mbiri yoipa ikafika kumudzi imakhalitsa kuposa lamulo.

Matumba awiri a wa m'buthi

Foni inalowa pampata umenewu. Ambiri tikukumbukira kupereka envulopu kwa dalaivala wa basi pa Intercity, kapena kudikira wachibale wopita ku maliro kuti anyamule ndalama pa ulendo wa makilomita oposa 500 wa msewu wa Great East. Kenako kunabwera Swift Cash ya ku positi, timabuthi ta Zoona, ndipo pambuyo pake Airtel Money, MoMo ya MTN ndi ya Zamtel zinafalikira paliponse. Sipafunika foni yodula kapena intaneti, kafoni ka mabatani kamakwanira. Mabanki nawonso anaona, n'kuyamba kuika maejenti m'magolosale, monga a Zanaco Xpress. Amene anakhalapo kale zisanabwere izi sangazinyoze.

Koma kuti timvetse chifukwa chake mdzukulu uja anabwezedwa kawiri, tiyenera kulowa m'kabuthi n'kuona mmene ntchitoyi imayendera. Wa m'buthi ali ndi matumba awiri. Limodzi ndi kashi, mapepala ndi makobidi amene ali m'kabati. Lina ndi ndalama za mu foni yake ya ntchito, zimene iwo amati floti. Munthu akabwera kudzaika K200, kashi imakwera ndi K200, floti imatsika ndi K200. Wina akabwera kudzatapa, zimatembenuka: kashi imatuluka, floti imakwera. Kampani simupatsa mpamba umenewu, ndi wake kapena wa bwana wake.

Mu Lusaka matumba awiriwa amadzilinganiza okha. Uyu aika, uyo atapa, ndipo limodzi likachepa banki ili pafupi, kapena mnzake wa buthi yoyandikana amamusinthira. Kumudzi mtsinje umayenda mbali imodzi. Miyezi yambiri ya chaka pafupifupi aliyense wobwera pa windo akufuna kutapa zimene mwana wa ku tauni watumiza. Pofika masana kashi yatha, foni yadzaza floti imene sangagulire nayo kanthu pamalopo. Kuti aisandutse kashi ayenera kutseka buthi, kukwera kupita pa boma, kuima pamzere ku banki, ndi kubwerera ndi chikwama cha ndalama pa msewu wa fumbi umene aliyense akudziwa kuti wanyamula chiyani. Komishoni imene amapeza pa munthu mmodzi ndi yochepa, choncho sangapange ulendowu tsiku lililonse. Amasankha tsiku limodzi pa sabata. Kwa wa kwathu tsikulo ndi Lachitatu, n'chifukwa chake anati Lachinayi.

Nthawi yokolola zimatembenuka. Alimi agulitsa soya, nshawa ndi mpendadzuwa, akufuna kuika ndalama mu foni kuti zisagone m'nyumba, koma tsopano floti ndiyo yatha.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi amene amati foni yalowa m'malo mwa banki. Kabuthi ndi nthambi ya mtengo, tsinde lake ndi banki ya pa boma. Tsinde likakhala kutali, nthambi imafota. Ngakhale ndalama za mu foni zenizenizo zimagona ku banki: lamulo limafuna kuti kwacha iliyonse ya pa foni ikhale ndi inzake yeniyeni yosungidwa mu akaunti yapadera ku banki ya malonda. Ndiye ndalama ya mayi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi imafika ndithu ku banki. Chimene sichibwerera kwa iye ndi ngongole.

Palinso zina zing'onozing'ono zimene zikaunjikana zimalemera. Netiweki m'midzi ina imapezeka pa chulu chimodzi chodziwika. Foni imafuna kutchaja, ndipo wopanda sola amalipira. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo netiweki nayonso inkavuta. Kutapa kuli ndi mtengo wake, ndipo kuyambira Januwale 2024 boma linaikanso msonkho pa ndalama zotumizirana pa foni. Msonkhowo unayamba wochepa, ngwee zowerengeka pa ndalama zazing'ono, koma ndimaona kuti si nzeru kulipiritsa njira yokhayo imene wosauka wayamba kuikhulupirira. Njira yochepetsera vuto la kashi ndi yakuti ndalama zizizungulira mu foni momwemo, wa chigayo, wogulitsa feteleza ndi wa golosale azilandira pa foni. Chilichonse chokweza mtengo wa kutumizirana chimabwezera anthu ku mapepala.

Kalendala ya mlimi

Vuto lalikulu kuposa onse silili pa buthi. Lili pa kalendala. Ife a malipiro timalandira kakhumi ndi kawiri pa chaka. Mlimi wa mvula amalandira kamodzi, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndipo ndalama imeneyo iyenera kumufikitsa chaka china. Mu Novembala akufuna mbewu ndi feteleza. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe yapepuka, chimanga chakwera mtengo, malungo achuluka, ndipo munda ukufuna kupalira. Ndi nthawi imeneyo pamene bambo amasiya munda wake n'kukagwira ganyu m'munda wa wina kuti ana adye usiku umenewo. Munda wake umamera udzu, zokolola zimachepa, ndipo chaka chamawa njala imabwera msanga.

Zimenezi zinayesedwa kwathu konkuno. Zaka za 2013 mpaka 2015, Felix Masiye wa ku University of Zambia ndi anzake awiri anachita kafukufuku m'midzi 175 ya m'boma la Chipata. Mabanja ena anawakongoza pang'ono m'miyezi ya njala, matumba atatu a chimanga kapena K200, kuti adzabweze akakolola. Mabanja amenewo anachepetsa ganyu, anagwira ntchito m'minda yawo, ndipo anakolola zambiri. Chaka choyamba oposa 9 mwa 10 anabweza. Si ngongole ya thirakitala imeneyi, ndi matumba atatu pa nthawi yake. Ndikaiganizira nkhaniyi ndimamva chisoni, chifukwa ikuonetsa kuchepa kwa chimene chikusoweka, ndiponso kuti mawu akuti mlimi sabweza si oona nthawi zonse.

Nanga bwanji mabanki sachita zimenezi? Choyamba ndi chikole. Minda yambiri ya kumudzi ndi malo a mafumu, ilibe pepala la umwini limene banki ingalandire. Munthu akhoza kulima munda umene agogo ake analima, mudzi wonse n'kumadziwa malire ake, koma pa desiki ya banki alibe kanthu. Mu 2016 kunabwera lamulo lolola katundu wosunthika, monga ng'ombe, ngolo, makina kapena zokolola, kukhala chikole, ndipo kaundula wake ali ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa makampani. Lamulolo ndi labwino, koma ng'ombe imadwala, imabedwa, imagulitsidwa usiku, ndipo wa banki wokhala pa Cairo Road sangaiyendere. Chachiwiri, mtengo woyendera ngongole ya K2,000 umafanana ndi woyendera ya K200,000. Chachitatu, banki ili ndi wokongola wina wosavuta, amene ndi boma lenilenilo. Boma likamakongola kwambiri m'dziko momwemo pa chiwongoladzanja chokwera, banki ilibe chifukwa chothamangira ku Lundazi. Kwa zaka zambiri tsopano chiwongoladzanja cha ngongole za ku banki chakhala pamwamba pa 20 peresenti pa chaka, ndipo cha mabungwe ang'onoang'ono okongoza chimaposa pamenepo. Boma linayesa kuika malire pa chiwongoladzanja mu 2013, koma linawachotsa mu 2015, okongoza atayamba kupewa makasitomala ang'onoang'ono.

Ngongole za pa foni zilipo, zimabwera m'mphindi imodzi, koma zimafuna kubwezedwa m'masiku kapena masabata ochepa. Zimathandiza wa kantemba wogula ndi kugulitsa tsiku lililonse. Chimanga sichikhwima m'masiku 30.

Choncho mlimi amapita kumene chitseko chili chotsegula. Makampani a thonje ndi fodya amakongoza mbewu ndi mankhwala n'kudzadula pogula, ndipo kwa ambiri iyi ndiyo ngongole yokhayo ya ulimi imene anaionapo, ngakhale imamumanga pa mbewu imodzi ndi wogula mmodzi. Ena amapita kwa wa kaloba, amene safuna fomu koma amafuna kuti ubweze ndi theka lina pamwamba mwezi ukatha, nthawi zina kuposa apo. Ena amagulitsa chimanga mu Meyi chisanaume bwino kwa ogula oyenda ndi sikelo, pa mtengo wotsika, n'kudzachigulanso mu Januwale pa mtengo wokwera. Kumeneko nakonso ndi kukongola, kungoti chiwongoladzanja chake sichilembedwa papepala.

Bokosi la maloko atatu

Pamene banki inalephera, amayi a m'midzi anamanga yawo. Chilimba tinachidziwa kalekale: aliyense amasonkha, mmodzi amatenga zonse, mwezi wamawa wina. Magulu osunga ndi kukongozana, amene ambiri amangoti village banking, anapita patsogolo. Njirayi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo kuno inafalitsidwa ndi mabungwe osiyanasiyana ndi mipingo. Anthu 15 mpaka 30 odziwana amakumana pansi pa mtengo. Aliyense amagula masheya monga mwa mphamvu zake, mlembi amadinda m'kabuku, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Wofuna ngongole amaitenga pomwepo n'kudzabweza ndi chiwongoladzanja chimene gulu linagwirizana. Pali kathumba kena ka matenda ndi maliro. Zotsala zimalowa m'bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, bokosilo lili kwa wachinayi. Chaka chikatha amagawana zonse, phindu lomwe.

Amayi anga ali m'gulu lotere, ndipo malata a nyumba yawo anachokera m'bokosi limenelo. Ndimalilemekeza kwambiri. Lili ndi zonse zimene banki inasowa: lili pafupi, limalankhula chilankhulo chawo, limadziwa amene amabweza ndi amene sabweza popanda kufunsa pepala, ndipo chiwongoladzanja chimatsala m'mudzi momwemo. Chikole chake ndi manyazi, chifukwa munthu sangathawe anthu amene amatunga nawo madzi pa mjigo umodzi.

Koma tisalisenzetse katundu woposa mphamvu zake. Mamembala onse ndi alimi a mvula imodzi. Onse amafuna ngongole mu Novembala, pamene bokosi silingakwanitse onse, ndipo onse amakhala ndi ndalama mu Julayi, pamene palibe wofuna kukongola. Chilala chikagwa, monga cha 2024 chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko kumapeto kwa Febuluwale, chimagwera gulu lonse tsiku limodzi. Banki yaikulu imapirira chifukwa ili ndi makasitomala ku migodi, m'masitolo ndi m'maofesi. Bokosi lili ndi mudzi umodzi. Ndiponso kugawana kukayandikira, m'bokosimo mumakhala ndalama zambiri m'nyumba ya udzu, ndipo akuba amadziwa kuwerenga miyezi.

Kuno ku tauni dzina lomwelo la village banking lagwiritsidwa ntchito ndi anthu ena osonkhetsa ndalama kwa alendo pa WhatsApp, akulonjeza phindu losatheka. Kusiyana kwake n'kosavuta kukuona. M'gulu lenileni mumadziwana nkhope, ndalama zimawerengedwa pamaso panu, ndipo phindu limachokera ku ngongole zimene inu eni mwabweza.

Ndalama za boma, ndi nkhani ya pini

Amene amalowetsa anthu ambiri a kumudzi mu akaunti si otsatsa malonda a mabanki, ndi boma. Wogulitsa chimanga ku FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, amalipidwa kudzera ku banki kapena pa foni. Mlimi wa FISP, pulogalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, amasonkha K400 yake kudzera m'njira zomwezi, ndipo pamene njira ya e-voucher, yogulira feteleza ndi mbewu pogwiritsa ntchito khadi, inayesedwa koyamba mu 2015 m'maboma 13, alimi ambiri anagwira khadi la banki koyamba m'moyo wawo. Mtukula pakhomo wa Social Cash Transfer, umene unayambira ku Kalomo mu 2003, kale unkaperekedwa pamanja pa sukulu, ndipo tsopano m'madera ambiri ukupita pa foni. CDF, ndalama za boma zachitukuko cha m'madera, itakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, makalabu a amayi ndi achinyamata anathamangira kulembetsa ndi kutsegula maakaunti kuti alandire nawo.

Zonsezi zimachepetsa kuba kwa pakati pa njira, ndipo ndikuzivomereza. Koma taganizani za kabuthi kaja. Boma likalipira anthu mazanamazana a dera limodzi tsiku limodzi, onse amapita pa windo lomwelo kukatapa zonse. Amene anaonapo alimi atagona pakhonde la banki pa boma kudikira ndalama za chimanga akudziwa zimene ndikunena. Wolipira amalemba kuti walipira. Nkhalamba ili pa mzere tsiku lachiwiri. Ofesi yotumiza ndalamazo iyenera kufunsa kaye ngati kumene zikupitako kuli kashi, ndi kugawa masiku olipira, kapena kutumiza galimoto ya banki pa masiku amenewo.

Ndipo pa windo pamenepo pamachitika chinthu china chimene sitimachinena mokwanira. Zolemba za pa foni zambiri zili m'Chingelezi. Agogo osadziwa kuwerenga amapereka foni kwa wa m'buthi, n'kunena pini yawo mokweza, mzere wonse ukumva. Ambiri a m'mabuthi ndi ana okhulupirika, koma dongosolo lodalira kuti mlendo aliyense akhale wokhulupirika si dongosolo labwino. M'mabanja ena foni ndi imodzi, ili m'thumba la bambo, ndipo ndalama yolembedwa dzina la mayi imafika kwa iye ngati bambo afuna. Ena simu yawo inalembetsedwa pa reji ya wachibale, ndiye ikatayika kapena pini ikatsekeka, mwini ndalama sangaitsegule. Onjezanipo mameseji aja amene tonse tinalandirapo, akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ndi mafoni a anthu onamizira kuti ndi a kampani. Ife a mu Lusaka timawazindikira. Mayi wa kumudzi akabedwa kamodzi, mudzi wonse umamva, ndipo ndalama zimabwerera mu chitini chokwiriridwa pansi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo munthu wobedwapo sungamutsutse mwambi umenewu ndi chikwangwani.

Koma chitini nachonso chili ndi adani ake: chiswe, moto, mbala, ndi kukwera kwa mitengo kumene kumadya ndalama ili chigonere. Mu Januwale 2013 kwacha itachotsedwa maziro atatu, ndiponso mu Malichi 2025 ndalama zatsopano zitatuluka, wosunga m'nyumba anafunikabe kupeza njira yosinthira mapepala ake akale. N'chifukwa chake ambiri amasunga mu mbuzi, nkhumba, ng'ombe kapena njerwa. Si umbuli. Mbuzi imaswa, ndipo sungaidule mwendo kuti upatse wachibale wopempha K50. Aliyense wofuna kuti mlimi asunge ku banki kapena pa foni akupikisana ndi mbuzi, ndipo ayenera kubweretsa chinthu choiposa: chosadya ndalama mwezi ndi mwezi, chotseka mpaka Novembala ngati mwini wafuna, ndiponso chotseguka msanga mwana akadwala usiku.

Gulu la amayi anga lakhala likukambirana zimenezi kuyambira pamene bokosi la mudzi woyandikana nawo linabedwa kutatsala milungu iwiri kuti agawane. Ena akufuna akaunti ya gulu ku banki ya pa boma, koma imafuna osaina atatu, ndipo atatuwo ayenera kukwera limodzi ulendo uliwonse, gulu n'kulipira. Ena akufuna kuika pa foni, koma akufunsa kuti pini idzakhala ndi ndani, popeza bokosi lili ndi makiyi atatu pamene foni ili ndi pini imodzi. Msungichuma wawo anafunsanso kuti tsiku logawana, anthu 24 akadzafuna ndalama zawo zonse nthawi imodzi, kabuthi kaja kadzazipeza kuti. Pakadali pano agwirizana kuti theka likongozedwe ndithu kuti lisagone m'bokosi, ndipo bokosilo lizisintha nyumba sabata iliyonse. Ine ndikafuna kutumiza masiku ano ndimayamba ndaimbira mdzukulu uja kuti akafunse ngati wa m'buthi wapita kale pa boma sabata imeneyo.